Chimera cha pa Malata

Kuseri kwa Nambuma, mukafunsa za Anesi anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma mukangoti Anankhoma ofulula aja, aliyense amakulozerani nyumba ya njerwa zootcha yomwe ili pafupi ndi mitengo iwiri ya mango. Anesi ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba ngati woumba njerwa, ndipo chigongono chake chakumanja n'chakuda kuposa chinzake. Ndicho chimene wakhala akupimira kutentha kwa phala la mowa kwa zaka zoposa makumi atatu.

Sukulu anailekeza sitandade folo, chaka chimene bambo ake anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu osabwerako. Kufulula anaphunzira kwa mayi ake, osati mouzidwa, koma motumidwa: katunge madzi, sonkheza moto, gwira mthiko. Atakwatiwa ndi Damiano, mwamuna wofatsa yemwe anabwera chikamwini kuchokera cha ku Kabudula, anapitiriza ntchitoyo. Damiano sakumwa. Amangowaza nkhuni, kuziunjika pafupi ndi mgolo, n'kubwerera kudimba kwake. Ana asanu ndi mmodzi anakulira pa utsi umenewo.

Mowa wogulitsa Loweruka Anesi sauwerengera kwenikweni. Chimene amanyadira ndi mowa wa pamwambo: paukwati, pachinkhoswe, poika chiliza. Kafululidwe kake sikasintha. Tsiku loyamba amaphika phala la mgaiwa lamadzimadzi, likazizira amathiramo chimera pang'ono, ligone. Likayamba kuwawasa amaliphikanso, n'kudikira mpaka chigongono chivomere kuti lafunda chabe, kenako amathira chimera chambiri. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chimera chabwino chimadula phala lija, lolimbalo n'kusanduka madzi otsekemera, ndipo pakatha masiku awiri mgolo umakhala ukung'ung'udza wokha popanda moto. Zikatero amaukuntha, kuusefa m'khuntho kuti masese okhakhala atsale.

Pamudzi pawo pali mwambo umene alendo amaudabwa. Mowa wa mbumba safulula ndi chimera cha munthu mmodzi. Khomo lililonse la ana a mayi mmodzi limabweretsa chake, kaya lichero lodzadza, kaya kambale, ndipo chonse chimalowa mumgolo umodzi. Kubweza chimera cha m'bale wako ndi chimodzimodzi kumuuza kuti si wa pano.

Chaka chatha, paukwati wa mwana wamkazi wa Mirriam, mng'ono wake wa Anesi, mowa unakanika. Unatuluka wolemera ngati phala la mwana, wowawasa, wopanda mphamvu. Akuchimuna anangonyambita zipanda n'kuziika pansi mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unamuwawa Anesi kuposa kutukwanidwa. Patapita masiku awiri, ali pamjigo, pakamwa panamutsogolera. Ananena kuti chimera cha Mirriam chinali chovunda, chakuda bii, chouma mwaulesi pamphasa. Mawu a pamjigo sachedwa kufika. Kuyambira pamenepo awiriwo ankangopatsana moni wa kutchalitchi, woti Mulungu aone.

Tsopano unali mwezi wa Okutobala, ndipo Loweruka linalo mbumba yonse inkaika chiliza pamanda a mayi awo. Abale ochokera ku Nsaru ndi ku Mpingu anali atauzidwa kale. Mowa ukanakanikanso, anthu sakanati n'tsoka. Akanati dzanja la Anankhoma latha, ndipo lathera pamanda a munthu amene anawaphunzitsa.

Lolemba m'mawa zimera zinayamba kufika. Mirriam sanabwere yekha. Anangotumiza lichero kudzera kwa mpongozi wake, yemwe analitula pakhonde n'kubwerera. Anesi anatapa pang'ono, kununkhiza, n'kukwinya nkhope. Chinali chakuda ngati cha chaka chatha. Chake chinali choyera mbee, chouma gwaa. Chiyambire pamene anafolera nyumba n'kutsala ndi malata atatu, ankayanika chimera chake pamalatapo. Tsiku limodzi lokha chinkakhala chauma, pomwe anzake ankalimbana ndi mphasa ndi nkhuku masiku anayi.

Womaliza kufika anali Simeon, mlongo wawo wamng'ono, yemwe anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni komwe anakhala zaka zisanu ndi zinayi akusamalira maluwa a anthu. Analibe munda, analibe mkazi, ndipo ankayendabe ndi jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anatula pakhonde chitini chachikulu ngati cha penti.

"Asisi, gawo langa ndi ili."

"Tikupenta manda kodi?"

"Ndi chimera chimenechi. Anachiphika kale ku fakitale, n'kuchiphwetsa madzi. Abwana anga ankafululira chimenechi m'galaja mwawo."

Anesi anatsegula ndi mpeni. M'katimo munali zinthu zakuda, zonanda ngati uchi wa chaka chatha. Anapisa chala, kulawa.

"Awa ndi manyuchi, Simeon. Azungu ako anakunamiza."

"Lawaninso bwino. Simukumva chimera kumapeto kwa lilime?"

Ankachimva, koma sanavomere. Mtima wake unali palichero la Mirriam. Kulibweza sakanatha, kulithira ankaopa.

Simeon anakhala pampando wa Damiano, n'kumafotokoza za abwana ake aja: kuti ankalemba chilichonse, kuti ankatsuka ndowa ngati za kuchipatala, kuti sankayamba mgolo waukulu asanayese kaye pang'ono m'kapu. Zambirizo Anesi ankangozimvera khutu limodzi, poti mlongo wakeyo chibwerere nkhani iliyonse inkathera ku Joni. Koma za kapuzo zinamugwira.

"Wati amayesa m'kapu?"

"Eya. Chikakanika, chakanika m'kapu, osati pamaso pa anthu."

Anesi anaona mwayi. Akanayesa chimera cha Mirriam pamaso pa mlongo wawo, mwini mbumba, ndipo chikanakanika, wobweza lichero akanakhala Simeon, osati iye.

Anaphika phala m'kapoto kakang'ono, kulisiya lifunde, n'kuligawa m'makapu atatu apulasitiki. M'kapu yofiira anathiramo sipuni ya chimera chake, m'yobiriwira cha Mirriam, m'yoyera za m'chitini. Anavundikira ndi mbale, n'kukhala pansi kumasenda mtedza. Simeon ankangoyang'ana wotchi ya pafoni, ngati phala limadziwa nthawi.

Mtedza utadzadza mbale anavundukula. Ya Simeon inali yotsekemera kwambiri, koma phala linali chilimbire.

"Waona? Manyuchi ako amangokometsa, sadula. Alibe mano."

Simeon anakanda m'mutu. "Kujaku sankathira mgaiwa ayi. Ankangosungunula ndi madzi."

"Ndiye ndi tiyi ameneyo."

Anatenga kapu yobiriwira akumwetulira kale. Atangoipendeketsa, phala linayenderera ngati thobwa, kununkhira kwake kunafika mpaka pamene panali Simeon. Anesi anaiika pansi mwakachetechete, n'kutenga yofiira. Atabayamo sipuni, inangoima pakati pa phala, ngati mtengo wozikidwa.

"Wasintha makapu iwe."

"Ine ndadzuka pano?"

Anaphikanso phala lina. Ulendo uno Anesi anathira yekha, Simeon atatembenukira kumbali, makapu anawaika pakati pa miyendo yake. Zinatuluka chimodzimodzi.

Dzuwa linali pamutu. Anesi anadzuka, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba kumene malata atatu aja anali atagona pamiyala. Anawerama, n'kugunditsa chigongono pa lata limodzi. Anachichotsa msangamsanga. Phala lotentha chotero sakanalola ngakhale kambewu kamodzi ka chimera kugweramo, akanati mukuchipha. Koma kwa zaka ziwiri iye mwini ankachiyala pamenepo chili chonyowa, chitangomera kumene, n'kumachikazinga tsiku lathunthu, akunyadira kuti chikuuma msanga. Mowa wa Loweruka unkamuvutanso masiku amenewa, koma ankauthandiza ndi shuga n'kumanena kuti chimanga cha makono n'chopanda mafuta.

Anaima pamenepo nthawi ndithu. Kuviika chimanga china, kuchimeretsa, kuchiumitsa pamthunzi, kunkafuna sabata ndi theka. Iye anali ndi masiku asanu, ndipo lichero limodzi la Mirriam silikanakwanira mgolo wonse.

"Nditsagane nanu?" anafunsa Simeon ataona mlongo wake akumanga mpango.

"Khala ulondere chitini chako, nyerere zingakudyere chuma."

Kwa Mirriam n'kongodumpha minda iwiri, koma Anesi anayenda ngati akupita ku Nsaru. Anamupeza mng'ono wakeyo pakhonde akusankha nyemba. Mirriam amaphika thobwa wogulitsa pamsika, choncho chimera sichisowa m'nyumba mwake.

"Odi kuno."

"Lowani, akulu. Kwagwanji? Lichero lija mwabwera nalo?"

"Ayi. Ndabwera ndi thumba."

Mirriam anayang'ana thumba lopanda kanthulo, n'kupitiriza kusankha nyemba.

"Ndikufuna chimera, make Patson. Chonse chimene uli nacho."

"Chovunda chija?"

"Chomwecho."

"Chouma mwaulesi pamphasa?"

"Ndati chomwecho, iwe. Ukufuna ndigwade?"

"Mawondo anuwo mungadzukenso? Khalani pamphasapa. Ndi yomwe ija, samalani ingakuvunditseni."

Anesi anakhala. Anafotokoza za makapu atatu, za sipuni yoimirira, za malata. Mirriam anamvetsera mpaka kumapeto osamudula. Sanaseke, ngakhale milomo inkafuna.

"Ine ndinkaona mukuyanika pamenepo," anatero. "Ndinkati ndinene, koma ndani angaphunzitse Anankhoma kufulula?"

"Ukanandiuza."

"Mukanamva, eti?"

Mirriam analowa m'nyumba, n'kutuluka akukoka thumba lofika m'chiuno. Asanalisiye anaika dzanja pamwamba pake.

"Chimera tengani, ndi cha amayi. Koma mwana wanga anakwatiwa ndi mowa woipa, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti anauipitsa ndi mayi wake. Mawu aja munawasiya pamjigo. Akadali pomwepo."

"Ndamva."

Ananyamula thumbalo awiri, wina uku wina uku, kudutsa minda iwiri ija. Amene anawaona anasiya kupalasa mizere.

Sabata imeneyo Anesi anafulula mosiyana ndi kale. Chimera chake chakufa chija sanachitaye, poti nalonso khomo lake liyenera kulowa mumgolo. Anachithira tsiku loyamba, m'phala loti liphikidwanso. Cha Mirriam anachisungira pofunika penipeni, phala lachiwiri litafunda, ndipo Mirriam ndiye anagwira mthiko. Za m'chitini Anesi anazisungunula m'madzi otentha, kuzizizitsa, n'kuzithira mgolo utayamba kale kuwira. Anayamba wayesa kaye mumtsuko waung'ono, ndipo ataona thovu likukwera anauza Simeon kuti manyuchi ake mano alibe, koma mphamvu ali nazo. Simeon anayenda mudzi wonse akufotokoza zimenezi ngati wapambana mlandu.

Loweruka anthu anapita kumanda m'mawa. A Benedicto, akatekisiti, anatsogolera mapemphero, anawaza madzi odalitsidwa pachiliza, amayi a mphakati anaimba nyimbo ziwiri, ndipo nsalu yoyera yomwe inaphimba chilizacho inachotsedwa. Pobwerera anthu anakhala pansi pa mango, amuna uku, akazi uku. Mitsuko inatulutsidwa, thovu likusefukira m'mbali.

Mowa usanaperekedwe kwa aliyense, wofulula ndiye amayamba kumwa pamaso pa anthu, kuti onse adziwe mwini dzanja ndi kuti mulibe choipa. Anesi anatunga chipanda chodzadza, n'kuima pakati. Anthu anadikira kuti apendeketse. Iye anadutsa pakati pa amayi, n'kukagwada, movutikira ndithu, pamaso pa mng'ono wake.

"Yamba ndiwe," anatero mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve. "Chimera chadula mowa uno ndi chako. Chimene chinapha mowa wa paukwati chinali changa. Ndinachiotcha ndekha pamalata, n'kukunamizira iwe."

Mayi wina wa ku Mpingu anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, ena n'kutsatira. Mirriam analandira chipanda ndi manja awiri. Anamwa osapuma, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kukhala kaye ngati akuganiza.

"Wakoma," anatero. "Koma mwaukuntha mothamanga, akulu. Masese akumveka."

"Bweretsa kuno ngati sukuufuna."

Mirriam anakoka chipanda n'kumwanso, kenako anagwira mkulu wake pamkono kumuthandiza kudzuka.