Duku la Maluwa Pamutu pa Agogo Sitefano

Utsi wa fodya wa chikopa ukangondipeza, ngakhale pamsika wa m'tauni, ndimaona agogo aamuna, a Sitefano, atakhala pakhomo la chigafa kwathu ku Nsaru, maso ali psuu, akupukuta ndi kansanza ndodo yawo yansungwi. Sinali yoyendera ayi, inali ya udindo. Agogo ndiwo ankaima pakhomo la tchalitchi Lamulungu, ndipo ntchitoyi ankainyadira kuposa fodya ndi mbuzi zawo zonse. Mwamuna akaiwala chipewa kumutu, ndodo inkachigwetsa, pha! Mkazi wopanda duku ankabwezedwa. Ngakhale ine, mdzukulu wawo wamkazi, anandibwezapo ndikulira.

"Mwamuna vula, mkazi vala," ankatero. "Chovuta n'chiyani pamenepa?"

Ndiye tangoganizani munthu wotereyu kupalana ubwenzi ndi a Kachipewa! Amenewa anali mzungu wachiyuda amene anabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha n'kutsegula chigayo kumsewu. Dzinalo linachokera pa kachipewa kakuda, kakang'ono ngati kachivundikiro ka mphika wa ndiwo, kamene sikankachoka paliwombo pawo kaya akudya, kaya ali mbuu ndi ufa. Akazi awo, adona, ankamanga mpango tsitsi osaoneka n'limodzi lomwe, poti kwawoko tsitsi la mkazi wapabanja amaliona ndi mwamuna wake yekha. Agogo aakazi, a Nabanda, ankachita nawo chidwi. "Uyu ndiye analangizidwa," ankatero.

Madzulo chigayo chikazima, amuna awiriwa ankakhala pa bawo, ndipo mkangano wawo unali umodzimodzi.

"Mulungu ali pamwamba panga, Sitefano," ankatero a Kachipewa m'Chichewa chawo chopotoka. "Kameneka kamandikumbutsa kuti ndine wamng'ono."

"Iyayi! Wamng'ono amavula! Kodi pamaso pa mfumu mungaime ndi chipewa inu?"

Dzinja lina adona anadwala malungo n'kumwalira. Mitsinje inali itasefukira, magalimoto osayenda, choncho manda anakumbidwa kuseri kwa chigayo. Aphunzitsi a mpingo anachenjezeratu: kukumba kumbani, kulira lirani, koma wolowerera mapemphero achilendo, ngati ali ndi udindo, autula. Ankanena akuyang'ana agogo.

Mudzi wonse unapita. Amuna onse zipewa anasiya kunyumba, monga ulemu wa pamaliro umafunira. Ndikukumbukira fungo la dothi lonyowa, mvula yowaza, ndi mitu ija ili mbee kuzungulira dzenje. A Kachipewa anayamba kuimba pemphero m'chilankhulo chawo, kenaka anaima. Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Kwathu, pamanda mwamuna amafunda kumutu," anatero. "Abale anga onse anaphedwa pa nkhondo. Palibe woima nane."

Ife tinkati tabwera ndi ulemu, osadziwa kuti munthuyo tamuimitsa yekha. Agogo anagwira dazi lawo, n'kuyang'ana aphunzitsi, n'kuyang'ananso mnzawo wa bawo. Kenaka anatembenukira kwa agogo aakazi, amene anali ndi duku lina lomanga m'chiuno.

"A Nabanda, tandipatsani limenelo."

"Inu, mwapenga? Nanga ndodo ija?"

"Ndati tandipatsani."

Linali duku la maluwa ofiira. Analimanga mwachizimayi, mfundo pachipumi, poti kamangidwe kena sankakadziwa. Wina kumbuyo analephera kupirira, anaseka n'kunamizira chifuwa. Ine manyazi anandigwira, ndinabisa nkhope m'nsalu ya amayi. Koma agogo anayenda mpaka anakaima phewa ndi phewa ndi a Kachipewa, ndipo pemphero linayambiranso. Pamene mnzawoyo ankapumira, agogo ankayankha "Ameni" ndi mawu aja ankabwezera nawo anthu pakhomo la tchalitchi. Sanasunthe mpaka dzenje litadzaza.

Lamulungu lotsatira ndodo inali m'manja mwa munthu wina. Agogo anakhala pa benchi lakumbuyo, mutu wosavala, manja akusowa chogwira. Zinawapweteka, ndisaname. Anaonda, ndipo chipewa cha wina chikadutsa pakhomo ndinkaona dzanja lawo likunyamuka lokha.

"Kapepeseni, mwina akubwezerani," agogo aakazi ankawanyengerera.

"Ndikapepese chiyani? Munthu anali yekha."

Ndodoyo sinabwererenso. Koma bawo linapitirira, ndipo tsiku lina ndikukagayitsa ndinawamva akukuwa, njombwa zili m'manja: "Musaone ngati mwandigonjetsa, a Kachipewa. Wamng'ono amavula basi!"

Dukulo lili ndi ine, maluwa ake anasuluka kalekale. Sindilivala kutchalitchi kapena kuukwati. Ndimalitulutsa ndikamva kuti kwamwalira munthu wobwera, wopanda abale kuno, ndipo ndikafika pamaliropo ndimayang'ana amene waima yekha, n'kukaima naye.