Buludoza Yathu Yatseka Msewu wa Tiyi

Amene anayamba kundiuza ndi amake Chifundo, mnansi wanga, mayi wamasiye. Linali Lachisanu, cha m'ma 10 m'mawa. Ine ndinali pakhomo ndi azimayi akumpingo, titavala zitenje zofanana, tikudikira kulandira buludoza ndi nyimbo. Iwo anafika dengu la tiyi lidakali kumsana, osapereka ndi moni womwe. Anandikokera kuseri kwa nyumba n'kunena chapansipansi kuti, "Amake Lameki, chitsulo chanu chija chafera pakhwawa. Thirakitala ya masamba yabwerera pomwepo."

Lero akwana masiku 19. Chidakali pomwepo.

Ndikulemba ndi manyazi, koma ndilembabe, chifukwa anthu a yadi ina yogulitsa makina akale ku Limbe asiya kuyankha foni yanga. Dzina la yadiyo sinditchula. Eni ake akudzidziwa.

Mwana wanga Lameki ali ku Joni, chino n'chaka chachisanu ndi chinayi. Mwana wabwino, ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse. Anatikhomera malata, mlongo wake anamuphunzitsa mpaka kumaliza. Ali ndi kamunda kotsetsereka kuno kwathu, kumtunda kwa Khonjeni, ndipo amakakonda kwabasi. Ankafuna akumbe madamu awiri a nsomba, asalaze pobzala nthochi, kuti akabwera pa holide azipeza pochezera. Ndiye anaona buludoza pafoni, chimakina chija chokankha dothi, choyenda ndi matcheni. Anati ikagwira ntchito miyezi itatu tidzaigulitsa, ogulitsawo amuuza kuti makina otere satsika mtengo, ngakhale iwo omwe akhoza kudzaigulanso. K34 miliyoni. Thukuta lake lonse la kwa eni.

Lameki anatiuza kuti tipite ndi makaniko wathu akaione kaye. Ndinakana ndine. Ndinati makaniko wachiyani, bambo ako ayendetsa thirakitala pa esiteti zaka 27, komanso nkhaniyi ndaipempherera kale.

Payadi tinafika 8 koloko m'mawa. Bwana wake anatilandira ngati abale. Mipando yawofuwofu, zakumwa zozizira, "mayi" uku, "mayi" uku. Pakhoma atapachika vesi. Ataona Baibulo m'chikwama changa anati iwonso ndi ana a Mulungu, pamalo pawo sanamiza munthu. Buludoza inali yonyezimira, penti wachikasu mpaka m'matcheni. Anangoiliza kamodzi, inalira.

Bambo a Lameki anaizungulira, anagwira injini ndi dzanja, anagwada n'kusuzumira pansi. Kenako anandinong'oneza m'Chilomwe kuti anthu aja asamve. Anati injini ndi yotentha kale chonsecho kwangocha kumene, ndiye kuti ailiza nthawi yaitali tisanafike, ndipo pansi athira mchenga watsopano kukwirira oyilo. Ine ndinawatsina pamkono. Ndinati musandichititse manyazi pamaso pa anthu opemphera. Bambo amenewa ndi akamwini m'mudzi mwathu zaka 34, ndipo sanandikwezerepo mawu. Anasaina. Nanenso ndinasaina. Mapepala anayi, onse a Chingerezi.

Bwanayo anati lole yawo idzaitula pamunda penipeni, ndipo atipatsa dalaivala wawo sabata yathunthu kuti aphunzitse bambo kayendetsedwe kake. Ya lole tinalipira padera, K900,000.

Lole inabweradi Lachisanu lija. Inaima pamphambano, pamene msewu wathu wafumbi wapatukira, makilomita atatu kuti mufike kumunda. Woyendetsa anati sangalowetse galimoto ya bwana m'njira ya mbuzi. Anaitsitsa pomwepo. Bambo atadandaula, anangoti, "Madala, imeneyi ili ndi miyendo yake." Lole inatembenuka, ulendo wa ku Limbe.

Dalaivala wa buludoza anakwera. Inayenda bwinobwino mpaka pakhwawa, pamalo opanikiza paja pamene ngakhale ngolo ziwiri sizipatukirana. Pamenepo inatsokomola utsi wakuda n'kuzima, itapingasa, chikhasu chake chakutsogolo chitagwera pansi. Dalaivala anati ndi kapampu ka dizilo, kachinthu kakang'ono, akagula ku Luchenza. Anapempha K45,000 kwa bambo, anakwera kabaza, kiyi ali m'thumba mwake.

Luchenza ameneyo anasamukira kuti, abale anga? Ulendo wa masiku 19?

Amene simulima tiyi mvetserani. Masamba ukathyola m'mawa, thirakitala ya kufakitale imayenera kudzawatenga pasikelo tsiku lomwelo. Akagona m'thumba amatentha, amafiira, kalaliki amawakana. Sikelo yathu ili kumtunda kwa khwawa, ndipo makomo oposa makumi atatu amadalira msewu umenewu. Ino ndi nyengo ya mvula, tiyi akuphuka, ndi pamene anthu amapezako ya fizi. Tsiku lija matumba onse anagona pashedi. M'mawa mwake amake Chifundo anakhuthula matumba awo anayi m'tsinde mwa nthochi. Sanandinene. Anangokutumula matumbawo n'kuwapinda. Bola akananditukwana.

Azimayi akumpingo aja anadya mpunga ndi nkhuku mwakachetechete n'kutsanzika mmodzimmodzi. Lamlungu la m'mbuyo mwake n'kuti nditaimirira kutsogolo m'tchalitchi kupereka umboni. Ndinalonjeza kuti buludoza ikangofika, ntchito yake yoyamba ndi kusalaza bwalo la tchalitchi kwaulere. Anthu anaomba m'manja, ena anaimba nthungululu. Masiku ano ndimalowa mapemphero atayamba kale, ndimakhala kumbuyo kwenikweni.

Loweruka ndinaimba foni kasanu ndi kawiri. Mtsikana wa muofesi anati bwana ali mumitingi. Lolemba anati bwana apita kumaliro. Lachitatu anati makaniko anyamuka kale, ali panjira. Bambo anakhala pambali pa buludoza kuyambira 9 koloko mpaka madzulo, mvula ikuwathera pathupi. Palibe anabwera.

Achimwene anga anapempha mathirakitala awiri kuti aikoke. Tcheni linaduka, iyo osagwedezeka ndi pang'ono pomwe. Tinaitana makaniko wa ku Luchenza, yemwe uja ndinamukana poyamba. Anatsegula, anasuzumira, anapukusa mutu. Anati nkhani si kapampu, injini yagwirana, ndipo inayamba kudwala kalekale. Anafunsa kuti anaiona ndani tisanagule. Bambo anayang'ana pansi. Ndinayankha ndine, ndinati bambowa anaona zonse, wosamva ndine.

Lachiwiri la sabata yatha ndinapita ndekha ku Limbe. Ndinanyamuka ndi minibasi yoyamba, pageti ndinafika 8:20. Mlonda anati dikirani. Pabenchi, panja, padzuwa. Zakumwa zozizira zija kunalibe. Bwana anandidutsa kawiri akulankhula pafoni, ngati sanandionepo chibadwire. Anandiitana 2:15 masana.

Anatulutsa pepala lija n'kuloza mzere wina ndi cholembera. Anati mzerewu ukunena kuti mwagula momwe ilili, ikangotsika palole si yathunso. Ndinafunsa za dalaivala amene anathawa ndi kiyi. Anati ameneyo si wantchito wawo, ndi waganyu chabe, nambala yake alibe. Munthu wobwera m'lole yanu, atavala ovololo ya dzina lanu kumsana, lero simukumudziwa? Ndinafunsa za K900,000 yoti aitule pamunda. Anati kwa iwo munda umayambira pamene tala wathera.

Ndiye ndinadzichepetsa. Ndinati bwana, za ndalama zisiyeni, ingobwerani ndi lole muichotse pamsewu, anthu osalakwa akuvutika. Anati buludoza yakufa siikwera yokha palole, imafuna makina ena oikweza, K2 miliyoni, ndalama patsogolo. Ndinawakumbutsa mawu awo aja oti makina otere satsika mtengo, oti ngakhale iwo omwe akhoza kudzaigulanso. Anaseka, anatsamira mpando.

"Tigula, mayi. Pa kilo, ngati zitsulo zakutha. Koma mubweretse nokha pano."

Ndiisenze pamutu? Ndiibereke kumbuyo ndi chitenje?

Ndinatuluka osatsanzika, Mulungu andikhululukire. M'minibasi ndinalira mpaka pa Bvumbwe, mayi wina wosamudziwa anandipatsa kansalu kake.

Kuyambira sabata yoyamba ija anthu akusenza masamba pamutu, kudzipanikiza m'mbali mwa buludoza, mpaka kumphambano kumene thirakitala ikumaima. Ena ndi agogo oti mwendo umodzi ukukoka. Ine ndi bambo timayamba kusenza a anzathu, athu pambuyo. Bambo ali ndi msana wovuta, anauwononga pathirakitala, koma matumba a amake Chifundo amanyamula ndi iwo. Akabaza malo aja awapatsa kale dzina. Wokwera amamufunsa kuti mutsikira pa Buludoza kapena mupitirira. Alamu anga ena anandiuza pamaso pa anthu kuti zikomo alamu, mudzi uno unalibe chipilala, mwatigulira. Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani.

Lachinayi kalaliki anabwera ndi uthenga. Anati msewu ukapanda kutseguka pofika kumapeto kwa mwezi uno, sikelo yathu aisamutsira kumudzi wa tsidya lina, ndipo ikapita yapita. Sikelo imeneyi makolo athu anaipempha zaka zambiri isanabwere. Ichoke chifukwa cha ine?

Atsibweni anga, amene amayang'anira banja lathu, anatiitana. Sanakalipe. Anati ayenda pamalopo, ayeza ndi mapazi, njira ndi imodzi yokha, kulambalala kumunsi kwa buludoza. Kumunsiko ndi munda wanga wa tiyi, umene malemu mayi anga anabzala ndi manja awo ine ndili kamtsikana kotunga madzi othirira. Anandifunsa ngati ndilola. Ndikanakana bwanji?

Dzulo m'mawa anthu anabwera ndi makasu, zikwanje ndi mapiki. Anafika n'kuima chilili, palibe wofuna kuyamba, poti ambiri mayi anga ankawadziwa. Ndinalanda chikwanje kwa achimwene n'kudula chitsamba choyamba ndekha. Tiyi wakale mizu yake imapita kutali, chitsamba chimodzi amuna atatu. Tazula mizere isanu ndi umodzi. Tikukumba msewu ndi makasu, buludoza ya K34 miliyoni ili pambali pathu, mvula itayamba kusupula penti, dzimbiri lili poyera. Amake Chifundo anabwera ndi khasu lawo, anagwira mpaka 3 koloko. Mulungu awadalitse mayi ameneyu, ine ndilibe chowabwezera.

Lameki ndinamuuza zonse pafoni Lamlungu, osabisa kalikonse. Iye anangofunsa ngati msana wa bambo ake uli bwino.

Tsopano inu a payadi, ndiyankheni pano pagulu, poti muofesi mwanu munandiseka. Munadziwa kapena simunadziwe kuti injini ija ndi yodwala? Munthu wanu ali kuti ndi kiyi wathu? Lole yoti inalipidwa kufika kumunda inabwerera pamphambano molamulidwa ndi ndani? Ine sindidziwa malamulo, koma mwana wa achimwene anga watenga mapepala aja kukawaonetsa kwa odziwa. Mwina mupambana, pakuti ndinasaina. Koma chitsulo chanu mudzachichotse pamsewu wa anthu.

Inu anzanga amene ana anu akutumiza ndalama kuchokera kutali, chonde, chinthu chakale musagule ndi maso. Pitani ndi makaniko wanu, ailize yekha injini ili yozizira. Pepala limene simukulimva musalisaine, ngakhale akuitaneni mayi kakhumi. Kupemphera ndi kwabwino, ine sindisiya, koma Mulungu anatipatsanso anthu odziwa ntchito.

Mawa 9 koloko thirakitala iyesa njira yatsopano ija. Dothi lidakali lofewa, ndipo mitambo yayambanso kusonkhana. Tathira miyala pamene tinatha. Ikadutsa, sikelo ikhala. Ikatitimira, sindikudziwa kuti anthu a m'mudzi uno ndidzawayang'ana bwanji. Mukamagwada lero mutikumbukireko: Lameki kwa eni uko, bambo ake ndi msana wawo, amake Chifundo ndi ana awo, ndi makomo onse a kumtunda kwa khwawa. Ine mundiike kumapeto. Pemphani kuti mvula idikireko mpaka thirakitala itawoloka.