Abusa Amene Anauza Anthu Kuti Asathawe

Abusa Timóteo Kambwiri anabadwira ku Lifidzi, m'dera la Angónia, m'banja la alimi a kachewere ndi nyemba. Paubwana anali wodwaladwala, khasu linkawakanika, ndiye bambo awo anangowasiya kuti azipita ku sikola. Kumeneko mutu unagwira. Atakula anawoloka malire kukaphunzira zaubusa, nabwerako akuwerenga Chihebri ndi Chigiriki ngati chilankhulo cha kwawo. Anakwatira mayi Hortência, aprofesora ophunzitsa ana ang'onoang'ono, ndipo anapatsidwa kampingo ka m'mudzi wina wa m'phiri.

Nkhondo inawapeza komweko. M'chaka cha 1986 anthu ankatsika mapiri ndi mitolo kumutu, kuthawira ku Dedza kudzera pachipata cha malire cha Kalomwe. Abusa sanafune kuti mpingo ubalalike. Sabata lina analalikira mwamphamvu kuti wokhala pakati pa mbali ziwiri zomenyanazo, wopanda mfuti, sangakhudzidwe, komanso kuti palibe msilikali angalowe m'nyumba ya Mulungu. Ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Mabanja angapo anatsala. A Faustino, mkulu wampingo, anali atamanga kale katundu, koma atamva ulalikiwo anapita kukamasula.

Patapita masabata atatu, Abusa ndi akazi awo anapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, anaona utsi. Kachisi anali wopanda denga. Anthu khumi ndi asanu ndi awiri amene anathawiramo anafera momwemo, pamodzi ndi a Faustino. Abusa anawaika ndi manja awo, kenako nawonso anathawa.

Kumsasa wa othawa nkhondo anakhala zaka ziwiri osaima paguwa. Ankangolemba m'kaderno, kabuku kolembamo, zimene anthu ankasimba za midzi yawo. Mayi Hortência ankati nthawi zina mwamuna wawo ankasiya kulemba n'kucheukira kukhomo, ngati wina waodira, pamene panalibe munthu.

Mtendere utabwera anabwerera ku Angónia. Anagwirizana ndi a Marcos, katekisita wa Chikatolika wa ku Fonte Boa, ndipo awiriwo anayenda panjinga mudzi ndi mudzi. Ankakhazika pamphasa imodzi anthu amene anaphana abale, ankanyengerera asilikali akale kuti aonetse pamene anakwirira mfuti. Ena ankawathamangitsa, ena ankawanena kuti ndi akazitape. Makaderno aja anasanduka buku la Chinyanja limene ophunzira zaubusa amawerenga mpaka lero.

Tsiku lina kunabwera bambo wina dzina lake Tomé, wogulitsa makala, kudzanena kuti ali ndi mfuti zinayi m'munda mwake. Anapita naye kumundako, ndipo akukumba, Tomé anaima, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti anali m'gulu lomwe linatentha kachisi uja. Abusa anafunsa chifukwa chimene anasankhira mudzi umenewo.

"Tinkafuna inuyo, Abusa," anatero Tomé. "Tinamva kuti mukuletsa anthu kuchoka. Titakusowani, mkulu wathu anapsa mtima."

Abusa anakhala pansi pamzere wa chimanga. A Marcos ankati anakhala pamenepo nthawi yaitali, osalira, akungofikisa dothi m'manja. Atadzuka anauza Tomé kuti apitirize kukumba.

Patatha mwezi anamutengera Tomé kwa mayi Estele, akazi amasiye a a Faustino, monga ankachitira ndi ena onse. Tomé anagwada, nanena zonse osabisa. Mayi Estele anamvetsera akusenda nyemba m'lichero, ndipo atamaliza anamuuza kuti amumva, apite akalere ana ake. Kenako anatembenuka.

"Uyu wanena zake. Nanga inu, Abusa? Zaka zonsezi mwayenda kwa anthu onse, koma pakhomo pano simunabwerepo ndi mawu anuanu."

Abusa anadzuka n'kumapita. Anabweranso m'mawa mwake ali yekha, wapansi, navula chipewa ali patali. Anavomera kuti anatenga chikhumbo chake chosunga mpingo n'kuchitcha mawu a Mulungu, ndipo kuti a Faustino anamasula mitolo chifukwa cha iye. Mayi Estele sananene kuti akhululuka, sananenenso kuti sakhululuka. Anangowapatsa madzi akumwa n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Abusa anayendera mabanja ena onse otsala, zinawatengera zaka ziwiri. Ena anawalandira, banja limodzi linawatsekera chitseko. Anapitiriza ntchito yawo mpaka maso anachita khungu, akuitanidwabe pa mikangano ya malire a minda, atakwezedwa pamota, njinga yamoto ya mdzukulu wawo wamkazi. Koma mayi Hortência ankadziwa kuti nyengo ya chimanga chachiwisi ikafika, nyengo imene kachisi uja anatenthedwa, amuna awo ankasiya kudya bwino, n'kumatchula mayina a anthu aja chapansipansi akumeta ndevu.

Chaka chatha mayi Estele anamwalira. Mwana wawo Vânia anabwera ku Ulongwe, kumene Abusa amakhala chipumireni, kudzawapempha kuti akalalikire pamaliro. Iwo anakana poyamba, nati alipo abusa achinyamata amene angathe bwino. Vânia anati si iye wasankha.

"Amayi anachita kunena okha: adzandiike ndi a Timóteo, chifukwa amawadziwa onse amene ndikukakumana nawo."

Anapita. Sanalalikire nthawi yaitali. Ananena salimo limodzi pamtima, kenako anapempha kuti wina awagwire dzanja awafikitse m'mbali mwa dzenje kuti aponyemo dothi. Pobwerera mayi Hortência anawafunsa ngati mtima wapepukako. Abusa anati sakudziwa, mwina adzadziwa akakafika okha kumene apita mayi Estele.