Ndinatsala pang'ono kupha impso ya achemwali anga

Kakiliniki kena kapulaiveti pa Thuchila, dzina ndakasungira, kanatsala pang'ono kundiphera impso. Chitsiru chimene chinawathandiza ntchitoyo ndine.

Kwa osandidziwa: impso imene ndikuyendera si yanga. Anandipatsa achemwali anga a Esinati, ogulitsa nanazi pa Chinakanaka, ndipo madokotala anakandiika impsoyo ku India. Tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ndimamwa mankhwala otsitsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisaikane. Kuipa kwake, chitetezo chikatsika, tizilombo takale togona m'thupi timadzuka.

Lolemba ndinadzuka ndi matuza m'nthiti, mbali imodzi, owotcha ngati makala. Mashingozi. Ine mphunzitsi wopuma ntchito ndinayamba ndapakapo kaye mankhwala otsukira mano. Musaseke, sindinamalize.

Kukiliniki ndinafika 8 koloko, ndinalowa 11:20. Mkulu wa chovala choyera atafunsa buku langa la kuchipatala ndinampatsa, kalata ya dokotala wa impso ili pamwamba penipeni. Analisandutsa poika foni.

"Mumamwa mankhwala anji, madala?"

Ndinatchula.

"Otsitsa chitetezo? Ndiye mukudabwa chiyani? Siyani zimenezo, tikupatsani okweza."

Ndinati impso yangayi ndi yochita kuika. Akuti nayonso imafuna chitetezo.

Ine amene ndinakalambira m'kalasi kukalipira ana osafunsa mafunso, ndinangoti, "Zikomo adokotala." Ndinagula botolo lawo la K18,000, n'kuthokozanso potuluka. Madzulo sindinamwe mankhwala anga. M'mawa mwake chimodzimodzi.

Lachiwiri masana achemwali anabwera kudzandiona. Maso awo anathamangira pakabokosi ka mapiritsi.

"Achimwene, a dzulo akutani muno?"

Ndinawafotokozera mwauphunzitsi, chala m'mwamba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine ndinalekeza sitandade 5, komatu ku India ndinali pompo. Anati osadumphitsa olo kamodzi. Imbani foni pompano."

Dokotala wa impso ku Blantyre ndinawafotokozera zonse pafoni. Kenako anati ndimwe mankhwala anga nthawi yomweyo, botolo lija ndilitaye, ndipo mawa lake ndipite akandione. Kumeneko anandipatsa mankhwala a mashingozi n'kunditenga magazi. Anati kuchepetsa kapena kusintha mankhwala a impso amachita iwo okha, atayeza. Zotsatira zituluka Lachisanu, ndipo sindinama, ndili ndi mantha.

Tsono inu a kiliniki, buku munalifunsiranji ngati kulitsegula n'kolemera? Kunena kuti "izi sindikuzidziwa, pitani kwa akuluakulu" kukanakuchotsani mano? Mwauza angati kuti asiye mankhwala?

Anzanga oyendera impso za abale, wina akati siyani mankhwala, imbirani kaye dokotala wanu. Musakhale aulemu ngati ine.

Pobwerera kuchokera ku Blantyre kuja, ndinali ndi achemwali. Potsika minibasi pa Chinakanaka ndi pamene anatembenuka.

"Achimwene, ine yatsala imodzi. Ina yokupatsani ndilibe."