Pepala Lakuda Lopinda Kanayi

Ndikukumbukira chaka chimene amalume a Bonifasiyo anabwera ndi galimoto yofiira kumudzi kwathu, kuseri kwa mapiri a ku Lifidzi. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Inali nyengo yozizira, titangomaliza kupuntha nyemba, ndipo bambo anga anali atagona mwezi wathunthu ndi chifuwa chimene mapiritsi anachilephera.

Amalumewo anali mlongo wawo wa amayi. Ankagwira ntchito pa ofisina yokonza magalimoto ku Tete, ndipo galimotoyo anaigula itachita ngozi n'kuikonza okha kwa zaka ziwiri. Inali ya zitseko ziwiri zokha, yogonera pansi ngati fulu, ndipo ikalira nkhuku zinkathawira kunsi kwa nkhokwe. Ankati pa phula palibe shapa, minibasi yonyamula anthu, imene inkaiona kumbuyo kwake kawiri. Koma pa msewu wathu wa miyala inafika ikuyenda ngati munthu wosenza mtsuko wodzaza, anyamata ali patsogolo kuchotsa miyala kuti isakhule mimba. Mayi ena oyandikana nafe anayamba avula nsapato asanasuzumire mkati.

Sanabwere kudzadzionetsa. Anabwera kudzatenga bambo kuti m'mawa mwake akafike nawo kuchipatala ku Ulongwe. Amayi anali ndi khanda la milungu iwiri, choncho anasankha ine kuti ndipite nawo, ndizikawachapira ndi kuwamwetsa phala.

Madzulo amenewo amalume anaimika galimoto pafupi ndi nkhokwe, n'kuona khoswe akudutsa. "Mlongo," anatero kwa amayi, "ziweto zanuzi zikandidyera mawaya, mawa mutibereka kumsana mpaka ku Ulongwe." Onse anaseka. Ine sindinaseke. Kutseka maenje a makoswe inali ntchito yanga pakhomopo, ndipo bambo ankandiyamikira nayo. Anthu atalowa m'nyumba ndinagwada kutsogolo kwa galimoto ndipo ndinaona kukamwa kwake kwakukulu m'munsi, sefa wake atang'ambika mbali imodzi. Ndinatenga pepala lakuda la pulasitiki limene linatsala pofolera denga, ndinalipinda kanayi, ngodya ndi ngodya zikukumana monga amayi anandiphunzitsira kupinda chitenje cha kutchalitchi, n'kulilowetsa ndi kamtengo mpaka linaimirira mkatimo, kutseka njira ya makoswe. Sindinauze munthu. Ndinkafuna ndidzalichotse m'mawa, amalume adzadabwe okha kuti mawaya awo ali bwinobwino.

M'mawa bambo anatsokomola magazi. Panali kuthamangathamanga, kumanga mabulangete, kuwanyamula, amayi akulira mobisa nkhope. Pepala lija sindinalikumbukire n'komwe.

Bambo anakhala kutsogolo, ine ndinapanikizika kumbuyo ndi mtolo komanso chigubu. Amalume anati tikafika mame asanaume. Tinatsika bwino mpaka kudambo, koma titayamba chikweza choyamba ndinaona akuyang'anayang'ana kasingano kena koonetsa kutentha kwa injini pafupi ndi chiwongolero. Kenako kunamveka fungo ngati la mpoto wopserera, ndipo nthunzi inayamba kutuluka kutsogolo. Anaimitsa.

Anadikira kuti injini izizire, chifukwa ankati ukatsegula chivindikiro cha thanki ya madzi ili yotentha madzi amakulumphira kumaso. Kenako anachitsegula ndi nsanza, n'kundituma kukatunga madzi kumtsinje. Madzi ake anali ozizira moluma zala. Anathira pang'onopang'ono, anafinya mapaipi onse ndi dzanja kufuna pamene pakudontha, anakoka lamba, anayang'ana ngati chokupizira mphepo chikuzungulira. Zonse zinali bwino. Anakanda m'mutu, tinanyamukanso.

Sitinapite patali. Singano ija inakweranso. Amalume anatsegula mpweya wotentha mkati mwa galimoto, ati kuti ubeko kutentha kwa injini, ndipo bambo, amene mwezi wonse ankanjenjemera ndi chisanu, anayamba kutuluka thukuta pakhosi. "Alamu," anatero mwapansipansi, "mwaganiza zondiwamba ndisanafike?" Amalume anaseka koma maso awo sanaseke.

Poima kachiwiri anamasula kachitsulo kena kamene ankati kakakanirira kamatsekera madzi njira, n'kukaponya m'bokosi la zida. Akumanganso mabawuti anafotokozera bambo kuti injini yaikulu chonchi imapuma ndi mphepo yolowera kukamwa kuja, mphepoyo n'kumaziziritsa madzi mu radiyadori, thanki ya madzi ija. "Koma mphepo ndi iyi yadzaza phiri lonse," anatero. "Sindikumvetsa."

Apo m'pamene ndinakumbukira. Ndinkadziwa chimene chinali kukamwa kuja, ndipo ndinali ndekha wochidziwa.

Mwina wina angafunse kuti bwanji sindinanene. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi. Kwathu mwana wamkazi sankalowerera akuluakulu akamakambirana, makamaka za zinthu za amuna. Kusukulu aphunzitsi akandifunsa ngakhale chimene ndikuchidziwa, ndinkangoyang'ana pansi. Ndiponso ndinkaopa nkhope ya bambo akamva kuti mwana amene ankamuyamikira ndiye wawakhazika pamsewu. Ndinaganiza zolichotsa mwakachetechete. Ndinaika chigubu pansi, ndinagwada, ndinatambasula dzanja.

"Iwe Luwiza, choka apo, upsa!" anakuwa amalume.

Ndinachoka. Ndinabwerera kumpando wanga n'kumapemphera kuti pepalalo ligwe lokha.

Silinagwe. Pa chikweza chachitatu, pakati pa minda ya mbatata, galimoto inayamba kutsokomola, utsi woyera ukutuluka kumbuyo, kenako inazima. Amalume anasolola kachitsulo koyezera mafuta. Mafutawo anali atasanduka ngati tiyi wothira mkaka. Anawayang'ana nthawi yaitali. "Yapsa," anatero. "Madzi alowa m'mafuta. Apa ndiye yathera pomwepa."

Anagona chagada pafumbi, mwina kungofuna kuona komaliza, n'kulowetsa mkono kukamwa kuja mpaka paphewa. Anatulutsa pepala langa, litakwinyika m'mbali ndi kutentha. Ndinali nditaima pambali pawo. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuliika m'thumba la jekete.

"N'chiyani alamu?" anafunsa bambo ali mkati.

"Zinyalala za mumsewu. Mphepo inazilowetsa."

Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Ndinayala bulangete pamthunzi wa galimoto, bambo anagoneka mutu pamiyendo yanga, ndipo ndinkawaingitsira ntchentche. Nthawi ina anatsegula maso n'kunena kuti, "Naphiri, lero watunga madzi ngati wamkulu." Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Anali atatsekanso maso.

Lole yonyamula mbatata ndi imene inatitenga. Bambo anawagoneka pamwamba pa matumba, mphepo ikuwaomba njira yonse. Tinafika ku Ulongwe dzuwa likulowa. Anamwino anatilandira bwino ndipo anachita zimene akanatha, koma patapita masiku awiri bambo anamwalira. Palibe anandiuzapo kuti tikanafika m'mawa akanachira. Palibenso anandiuzapo kuti sakanachira.

Galimoto ija inakokedwa ndi ng'ombe kubwerera kumudzi. Amalume anati adzabwera ndi zida zoikonzera, koma sanabwere nazo. Inakhala pansi pa mtengo wa pichesi, kufiira kwake kukufwifwa chaka ndi chaka, nkhuku zikuikira mazira pampando umene bambo anakhalapo. Makoswe anadya mawaya onse.

Masiku ano zinthu zinasintha. Munthu akadwala timaimba foni, njinga yamoto n'kufika phala lisanapse. Ana a m'nyumba zathu amafunsa akuluakulu mafunso mpaka kutopetsa, ndipo ndikamva azimayi anzanga akudandaula kuti ana alero alibe mwambo, ine ndimakumbukira pepala lija.

Chaka chatha ndinapita ku Tete kukaona amalume, amene tsopano maso akuwavuta. Ndinakonzekera mawu anga njira yonse mu shapa. Titakhala pakhonde ndinayamba kuti, "Amalume, za pepala lija..."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anandidula. "Mphepo sipinda chinthu kanayi, ngodya ndi ngodya."

Ndinawafunsa chifukwa chake ananamiza bambo. Anasisita bondo.

"Ndinali nditawaona m'maso alamu anga m'mawa uja," anatero. "Ndinafuna kuti chilichonse chingachitike, apite akudziwa kuti ali ndi mwana wotunga madzi. Koma iwe ndinakulakwira. Unagwada pamene paja, ine m'malo mokufunsa chimene ukufuna, ndinakukalipira."

Tinakhala pakhondepo mpaka tiyi anazizira m'makapu. Mpaka lero ndikamapinda chitenje, manja anga amaima akafika pachinayi.