Makaseti a Abambo M'munda wa Mpunga

Amuna anga anagwira ukhukhi ku Zomba zaka zambiri, kwa mzungu wina wophunzitsa. Mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira wailesi ya kaseti ndi katoni yodzaza makaseti. Anzawo ankabwerera kumudzi ndi njinga, ena ndi malata. Iwo anafika kuno kwa Mposa atasenza nyimbo.

Nyimbozo ankati ndi jazi. Ine kuyambira tsiku loyamba sindinazimvetse. Lipenga limayamba bwinobwino, kenako lasochera, piyano ili kwake, wa ng'oma akungopalasa ngati nkhuku padzala. Ndinkadikira kuti woimba ayambe, mpaka kaseti kutha osamva liwu la munthu. Ndikafunsa ngati oimbawo basi inawasiya, ankangoseka n'kundiuza kuti ndikhale pansi ndimvetsere. Ndikhale pansi nthawi yanji, mbuzi zikulira m'khola?

Maso awo atayamba kuchita khungu, makaseti aja ndiwo anasanduka ntchito yawo. Kuwerenga sitidziwa tonse awiri, ndiye ankawazindikira ndi zala. Inalipo imodzi ya bambo wina woimba lipenga, amene ankati anamwalira kalekale kutsidya kwa nyanja. Ankamunena ngati mbale wawo wa bere limodzi, kuti apa watopa, apa wakumbuka kwawo. Ine sindinkayang'ana n'komwe kuti ndi kaseti iti. Kwa ine onse anali mkangano umodzi.

Chaka china mpheta zinachuluka kudambo. Mpunga utatulutsa ngala, anzanga anayamba kusolola tepi ya m'makaseti akale n'kumanga pa timitengo, poti ikamanyezimira ndi kulira ndi mphepo mbalame zimaopa. Amuna anga anali ku Balaka kwa mwana wathu wamkazi, kukaonetsa maso kuchipatala. Ndinatsegula katoni ija. Sindinatenge mwachisawawa, iyayi, ndinaganiza ndithu. Owoneka atsopano ndinawasiya. Ndinasankha anayi othaitha, othyoka m'makona, mapepala ake atachita kuda ndi manja, n'kunena kuti awa ngakhale atasowa palibe angadandaule.

Atabwera anapapasa m'katoni kawiri, katatu.

"Amayi, ya lipenga ija ili kuti?"

"Yooneka bwanji?"

"Yothyoka pakona."

"Ikuamira mbalame kudambo."

Sanakalipe. Bwenzi atakalipa, ndikanadziwa poyankha. Anangoti kaseti imatha chifukwa choikonda, ndipo atsopanowo ndi atsopano chifukwa sankawafuna. Masiku atatu anakhala pakhonde wailesi ili pamiyendo yosatsegula, chakudya akungolawa. Munthu wosaona ndinali nditamulanda chimene ankaonera.

Mwana wathu atamva anapita kwa bambo wina woika nyimbo m'mafoni pamsika wa Balaka. Bamboyo anafunsa dzina la woimbayo. Dzina ngakhale amuna anga sankalidziwa, mzungu uja anangolitchula kamodzi kalekale. Ndiye mwanayo anawaimbira foni bambo ake kuti ang'ung'udze nyimboyo, iwo n'kuyamba "paa, papapaa" pakhonde, ana a anthu odutsa akuima. Bambo uja anati za mtundu umenewo zilipo zambirimbiri, n'kudzaza memori khadi ndi jazi wakale ndi watsopano yemwe.

Khadiyo itafika, amuna anga anamvetsera zonsezo pafoni masiku awiri. Ankati atsopanowa ndi adzukulu a mbale wawo uja, magazi akumveka. Wa ng'oma wina anamuyamikira kuti ali ndi manja ofewa, wina anati amathamanga ngati akufuna kukwera minibasi. Koma munthu wawo munalibe. Ndinafunsa kuti akudziwa bwanji, lipenga si lipenga basi? Anati kodi ine mwana wanga akalira pakati pa ana khumi ndimafunsa dzina?

Mawa lake ndinalawirira kudambo n'kumasula tepi yonse. Mphepo inali itaipiringiza, ya makaseti anayi itasanduka mtolo umodzi, kwina itaduka, kwina dzuwa litaifinya. Iti ndi ya ndani, ndani angadziwe? Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaipukuta ndi nsonga ya chitenje, moduka ndikulumikiza ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo amene mwana wathu anaiwala, n'kumaikulunga ndi bolopeni m'chigoba chothyoka pakona chija. Zinanditengera masiku awiri. Mpunga ndinkauamira ndi pakamwa, mpaka mawu anasasa.

Nditawapatsa anaipapasa, anaiika, n'kudina. Lipenga linayamba. Posakhalitsa linaduka, panalowa piyano ya kwina, kenako zinthu zinayamba kulira mokoka ngati ng'ombe yodwala, lipenga n'kubweranso. Ine ndinamva ngati momwe zinkamvekera kale, ndinkati ndakonza ndithu.

Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, poti misozi inali kutsika.

"Amayi, mwakumanitsa anthu amene sanaonanepo pa moyo wawo."

"Ndalakwitsanso?"

"Bwezerani pamenepo ndimvenso."

Ndinabweza. Pamene mbale wawo anadukira, iwo anapitiriza ndi pakamwa mpaka pomwe akubwerera, ndipo anakumana ndendende. Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse ya chinangwa n'kupempha china.

Mpaka lero sindidziwa ngati anandikhululukira chifukwa ndinakonza, kapena chifukwa ndinaononga bwino.