Nsalu Imene Ndinayanika Pachingwe

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, cha m'ma sikisi koloko, ndikusita yunifolomu yanga yoyera ya kukhitchini. Ndinaganiza kuti ndi mwini nyumba, chifukwa nayenso ankagogoda ngati akufuna kuthyola chitseko. Nditatsekula ndinapeza asilikali anayi. Mmodzi anali atagwira nsalu imene ndinayanika pachingwe dzulo lake madzulo. Pamenepo sanandimenye. Anandilozera nsapato kuti ndivale, wina n'kulowa kukachotsa simbi pa shati kuti isapse. Zimenezo sindiziiwala.

Ndine Mlomwe wa kufupi ndi Namitambo, ku Chiradzulu, ndipo ntchito yanga ndi yophika. Ndinayambira kwa amwenye ku Limbe, kenako ku Lilongwe kwa mzungu wina wa ntchito za ukazembe. Atamukweza kuti akakhale kazembe m'dziko lina kumadzulo kwa Afirika, anati tipite limodzi. Dzikolo sindilitchula. Pakamwa pangapa panavulaza kale munthu, sindikufuna kuwonjezera wina.

Nditakhalako zaka zitatu, asilikali analanda boma n'kumutsekera pulezidenti. Mayiko akunja anakalipa kuti munthuyo abwezeredwe pampando, ndipo wokalipa kwambiri anali bwana wanga. Asilikali anamuuza kuti achoke m'dzikomo. Iye anakana, ati amene anamulandira ndi pulezidenti wosankhidwa ndi anthu, osati amfuti. Anali mawu abwino, sindikutsutsa. Kungoti kazembe samangidwa. Amene amamangidwa ndi wophika wake, amene amachita lendi kunja kwa mpanda.

Nkhani ya nsalu inali chonchi. Kumsika waukulu kunali mayi ena amene ndinkagulako anyezi ndi tomato tsiku ndi tsiku. Chilankhulo chawo sindinkachidziwa, iwo Chizungu sankachidziwa, koma pa anyezi tinkamvana ndi zala. Ankandiseka kuti ndimafinya tomato mmodzimmodzi ngati dokotala. Loweruka lina, patatha masabata awiri chilandireni boma asilikali aja, ndinaona pansi pa tebulo lawo nsalu zinayi zatsopano, zopindidwa bwino, zokhala ndi nkhope ya pulezidenti wogwetsedwayo. Anandisonyeza ndi manja kuti akukazitentha.

Mtima unandiwawa, abale. Nsalu yake yolemera m'manja, osati zopyapyala zimene amatigawira nthawi ya kampeni zija. Kwathu ndani amatentha nsalu? Amayi anga anatiberekera pa nsalu za zipani zitatu, ndipo sankadziwa n'komwe kuti chinachi chimadana ndi chinzake. Tsiku la msika pa Namitambo mumaona atsogoleri amoyo ndi akufa omwe, wina wamangidwa pa mtolo wa chinangwa, wina akupukuta mamina a mwana. Palibe amafunsa.

Ndinawapempha kuti andipatse. Anakana, akupukusa mutu ndi kudutsitsa chala pakhosi. Ndinapemphanso, n'kuwaonetsa chithunzi cha akazi anga pa foni, ndikukoka malaya anga kuti amve kuti ndikufuna ndikawaveke. Anayang'ana uku ndi uku, anaseka, n'kuzikulunga m'pepala, n'kuziika pansi pa anyezi m'dengu langa. Kufika kunyumba zonse zikununkha anyezi. Lolemba madzulo ndinachapako imodzi n'kuiyanika pachingwe chimene tinkayanikapo mabanja khumi. Tangoganizani, nkhope ya munthu wogwetsedwa ikuuluka ndi mphepo kuseri kwa nyumba ya wophika wa kazembe! Uchitsiru umenewu unali wanga ndekha, palibe anandituma.

Ananditengera ku kampu ya asilikali, n'kundiponya m'chipinda chimene kale ankasungiramo matumba a mpunga. Tinalimo amuna khumi ndi mmodzi. Zenera linali limodzi, kukula kwake ngati thireyi, ndipo ndowa inali imodzi. Pogona tinkatembenuka onse pamodzi. Wodziwa Chizungu analipo mmodzi yekha, mphunzitsi wachikulire, Msilamu. Ine ndinakula ndi Ayao, choncho nthawi ya swala ikakwana ndinkapinda miyendo kuti apeze powerama, ndipo madzi anga akumwa ndinkawasiyirako pang'ono oti asambe m'manja. Anadabwa kuti Mkhristu akudziwa zimenezi. Ankangonditchula kuti Malawi.

Tsiku lachitatu anandiitana. Wofunsa mafunso anali msilikali wamkulu wovala magalasi, wolankhula Chizungu pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana. Nsalu zonse zinayi zinali pa tebulo.

"Bwana wako akufuna munthu uyu abwerere," anatero akugogoda nkhopeyo ndi cholembera. "Iwe uli ndi nkhope zake zinayi. Zinazo munagawa kuti?"

Ndinati palibe zina, izi n'zoti akazi anga azikavala kumunda. Anafunsanso kuti ndati chiyani. Nditabwereza, anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Mkazi wako apite kumunda atamanga pulezidenti m'chiuno?"

"Eya bwana, kwathu timatero."

"Chabwino. Wakupatsa ndani?"

Ndinati ndinazitola pamsewu. Anayang'ana nsaluzo, zoyera, zopindidwa ngati zochokera m'sitolo. Sanakalipe. Anangoitana anyamata ake awiri, iye n'kutuluka. Anandichita zimene anandichita. Mpaka lero zala ziwiri za dzanja lamanjali sizigwira mpeni.

Funso linali lomwelo tsiku lachisanu ndi chimodzi, tsiku la 11, tsiku la 12. Za kazembe anasiya msanga kundifunsa, anaona okha kuti wophika amadziwa za mchere basi. Ankafuna amene anandipatsa nsalu, poti ankakhulupirira kuti kumsika kuli gulu logawa nsaluzo kuti anthu adzavale tsiku la zionetsero. Ine ndinkangoti ndinatola. Ndinkadziwa kuti mayi aja ali ndi ana atatu, ndinkawaona akubwera pa tebulo paja akaweruka kusukulu. Ndinkadziwanso kuti anandikaniza, ndipo ndinachita kuwakakamiza.

Za kunja tinkazimvera pa wailesi ya alonda, mphunzitsi n'kumanditanthauzira monong'ona. Mayiko oyandikana atseka malire. Azungu aimitsa thandizo. Nthumwi zabwera, zabwezedwa pabwalo la ndege. Tsiku lina anandigwira phewa, maso akuwala.

"Malawi, awapatsa masiku asanu ndi awiri. Akapanda kumubwezera pampando, abwera ndi nkhondo. Tituluka."

Tinawerenga masikuwo pakhoma ndi chikhadabo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri linafika, linadutsa, kunja kuli zii. Chimene ndinaona ine n'chakuti akunjawo akalankhula mwaukali pa wailesi, ife tinkadziwira pa mbale. Tsiku limenelo chakudya chinkabwera kamodzi, kapena osabwera, ndipo ndowa sankatilola kukataya. Mlonda wina wamtali ankaima pachitseko n'kundiuza m'Chizungu chake chothyokathyoka kuti, "Bwana wako walankhulanso. Iwe udya mawu ake." Ndinafika pomapemphera kuti anthu otifunira zabwinowo akhaleko chete tsiku limodzi lokha. Ndikuchita manyazi kunena, koma ndi mmene zinalili.

Tsiku la 24 anamutenga mphunzitsi. Anasiya kapu yake ya pulasitiki, ndipo sanabwerere. Kuyambira pamenepo ndinalibenso wolankhula naye. Anthu khumi m'chipinda, ine ngati mbuzi yomangirira pakati pawo, kumva phokoso lokha.

Tsiku la 31, Lachinayi, cha m'ma teni m'mawa, anandiitananso. Anyamata awiri aja kunalibe. Pa tebulo panali kapu ya tiyi wamkaka ndi foni yanga, atailowetsa moto. Wamagalasi anati ndimwe. Kenako anadina foniyo, ndipo m'chipindamo munamveka mawu a akazi anga.

"Bambo a mwana, kodi muli kuti? Mwezi wathunthu uno foni yanu sikupezeka. Kuno anthu ayamba kundiyang'ana ngati namfedwa. Amayi anu sakudya, angokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Nandolo tathyola tokha. Ngati muli moyo, tangonenani kuti ndili moyo, basi, zinazo tidzamva."

Chinali Chinyanja choyamba kuchimva chinditsekereni. Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka tambala wathu ndi njinga ya kabaza ikuliza belu. Ndinalira ngati mwana, pamaso pa munthu amene ndinalumbira kuti sadzaona msozi wanga. Iye anadikira mpaka nditamaliza.

"Sindikudziwa zimene wanena," anatero, "koma ndamva kuti akukufuna. Ukhoza kumuyankha lero lomwe. Wakupatsa ndani?"

Ndodo ndinazipirira masiku makumi atatu. Tiyi ndi mawu a akazi anga sindinazipirire ngakhale mphindi khumi. Ndinati mzere wachitatu kuchokera pa geti la kum'mawa, tebulo lachiwiri, mayi ogulitsa anyezi, a chipsera pachibwano. Ndinawonjeza kuti alibe mlandu, ankafuna kuzitentha, ndinawakakamiza ndine. Ndinanena zimenezo katatu. Iye analemba za mzere ndi za chipsera, zinazo sanalembe. Anati zikomo, n'kutsekera foni ija m'dirowa. Sanandilole kuyankha.

Patangopita masiku awiri, Loweruka m'mawa, ananditulutsa, kundipatsa nsapato zanga zopanda zingwe, n'kundikweza galimoto mpaka kubwalo la ndege. Kumeneko ndinapeza bwana wanga ndi antchito ake onse, katundu ali m'mabokosi. Dziko lake linali litamuitanitsa. Anandikumbatira, chinthu chimene sanachitepo zaka zonsezo, n'kundiuza kuti anakana kukwera ndege popanda ine, ndipo asilikali anavomera zonditulutsa sabata yathayo, ankangodikira tsiku la ulendo.

"Sabata yatha, bwana?"

"Sabata yatha. Wapirira, mnzanga. Zatha tsopano."

Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo. Ndiye kuti pamene wamagalasi ankandipatsa tiyi uja, ankadziwa kuti ndikutuluka kale. Ndikanangotseka pakamwa masiku awiri. Awiri okha, Ambuye!

Pulezidenti uja sanabwerere pampando mpaka lero. Amene ankaopseza aja anatsegula malire mmodzimmodzi, ndipo pa wailesi nkhaniyo inazilala. Bwana anandilipirira ulendo mpaka ku Chileka, iye n'kupita kwawo. Ndikumva kuti anamutumiza dziko lina.

Kumudzi anandilandira ndi nthungululu. Kutchalitchi anandiimika kutsogolo kuti ndichitire umboni, ndipo ndinanena za chipinda cha mpunga, za ndowa, za zala zanga. Amayi a chigwirizano analira, abusa anati ndine chitsanzo cha kupirira. Za mzere wachitatu sindinanene. Tsopano ndili pa ufulu, inde. Ndimadzuka nthawi imene ndafuna, ndimatsekula chitseko changa ndekha, ndikafuna kupita ku Magomero kukaona achimwene palibe wondifunsa chikalata. Ndi chinthu chokoma, ndipo amene sanatsekeredwepo sangachidziwe kukoma kwake. Koma ufulu wangawu sindikudziwa kuti anaulipira ndani. Mwina anangowafunsa n'kuwasiya. Mwina anapeza tebulo lopanda munthu. Mwina ali m'chipinda chonga chija, ana atatu aja akudikira. Ndayesa kufunsa kudzera kwa mlonda wina amene tinkagwira naye ntchito kwa kazembe, koma nambala yake inasiya kulira.

Ndinakhala nazo ndekha miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina tikupalira kumunda, dzuwa lili pamutu, ndinaimika khasu n'kuwauza akazi anga zonse, kuyambira pa dengu la anyezi mpaka pa tiyi. Ndinawauzanso kuti anali mawu awo amene anaseweredwa pa foni paja. Sanandiyang'ane. Anapalira mzere wonse mpaka kumapeto, anabwerera, n'kudzaima patsogolo panga.

"Ndiye munakhala chete miyezi yonseyi, ine n'kumati zikukuwawani ndi zala?"

"Ndinkaopa."

"Madzi akatayika saoleka, bambo. Koma mayiwo tisawataye kawiri. Dzina lawo ndani, tiziwatchula popemphera?"

Zaka zitatu ndinagula anyezi pa tebulo lawo, tsiku ndi tsiku, tikuseka. Ndinadziwa mzere wawo, ndinadziwa chipsera chawo, ndipo zimenezo zinakwana kuwapereka. Dzina lawo sindinawafunsepo.